Tivi Yosalankhula ya a Masofa

Itamveka nkhani yakuti a Masofa akusakasaka tivi yaikulu, anzawo a mumsewu wa amisiri anaseka mpaka kugwira nthiti. Wowotcherera zitsulo anachita kuvula magalasi ake akuda kuti apukute misozi. "Munthu wosamva ngakhale bingu, tivi yaikulu achita nayo chiyani? Azigonapo?" Ponena izi anatembenukira kumbali, chifukwa onse ankadziwa kuti a Masofa makutu alibe koma milomo ya munthu amaiwerenga. Amisiri amenewa ndi oipa pakamwa pokha, mitima yawo ilibe chifukwa, koma tsiku limenelo anaseka nkhani yosaseketsa.

A Masofa anasiya kumva ali mwana wa pulayimale. Anadwala matenda otentha thupi, ndipo atatsitsimuka m'chipatala anapeza dziko lonse lili zii, anthu akungotsegula ndi kutseka pakamwa. Kulankhula sanaiwale, kungoti mawu awo anatsala opanda chiwongolero. Poitana munthu ali kutali amatha kunong'ona, pouza munthu chinsinsi n'kukuwa. Kusukulu ya ana osamva sanapiteko, makolo awo sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli sukulu yotere. Anangowapereka kwa mmisiri wina wokonza mipando kuti aphunzire ntchito yamanja, ndipo dzina lawo lenileni linathera komweko.

Malo awo antchito ndi kachipinda kodzaza siponji, zidutswa za nsalu ndi masipuling'i adzimbiri. Timisomali amatisunga pakamwa, n'kumatilavulira m'manja kamodzikamodzi. Lole ikamadutsa amaidziwira m'mapazi, kasitomala akaima pakhomo amamudziwira pa mthunzi wake pakhoma. Anakwatira mayi wosoka makatani, wolankhula mokwanira anthu awiri, ndipo anansi amati ukwati umenewu walimba chifukwa mayiyo amalalata tsiku lonse popanda wowayankha.

Mwana anabereka mmodzi yekha, wamkazi. Atangoyamba kuyenda anazindikira yekha kuti bambo ake saitanidwa ndi pakamwa, amakokedwa thalauza. Pamene ankayamba sukulu anali akuperekeza kale bambo ake kuchipatala, kwa mwini nyumba, ndi kosankha nsalu, akumva za anthu n'kumazipereka ndi timanja take. Anthu anangomutcha Makutu, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka amayi ake anakhala mayi a Makutu.

Chinenero chimene awiriwa ankalankhulana sichinali cha m'buku lililonse. Anachipanga okha pabalaza pawo. Shuga kunali kunyambita chala. Mwini nyumba kunali kusisita mimba ndi dzanja limodzi, lina litatambasulidwa. Amayi kunali kutsegula ndi kutseka zala mofulumira, ndipo chizindikiro chimenechi ankachitira kumbuyo kwa mwiniwake. Mvula inali ndi chake. Denga la pabalaza linkadontha pakona, kuseri kwa mpando waukulu, moti mitambo ikada ntchito ya Makutu inali kuthamangira beseni. Choncho mvula kwa iwo kunali kugwira chinthu chachikulu ndi manja awiri, kuchitsitsa pansi chakumanzere, n'kuchikankha pang'ono. Dengalo a Masofa sanalikonzepo, pajatu mmisiri zakwawo amaziika kumapeto.

Anthu ena onse a Masofa ankangowayang'ana milomo n'kumaphatikiza okha, pena kulondola, pena kuphonya. Mwana ameneyu yekha ndi amene ankamumva.

Ndiye mwana anakula, anapita kukaphunzira kutali, n'kukapeza kuti kuli chinenero chamanja chenicheni, chokhala ndi aphunzitsi ndi mayeso. Anachikonda kwambiri. Atabwera patchuthi tsiku lina mitambo itada, a Masofa anatsitsa beseni lawo lam'malere lija, koma Makutu anawagwira manja.

"Ababa, mvula sitichita choncho, anthu akusekani. Mvula ndi chonchi." Anakweza manja n'kugwetsa zala zikugwedezeka.

A Masofa anaseka, natsanzira ndi zala zawo zouma ndi guluu. Koma kunena zoona zinawabaya mumtima. Kuyambira pamenepo manja a mwana wawo anayamba kuthamanga mwachilendo, ndipo akaona kuti bambo ake atayika ankasiya manja n'kumawalankhula ndi milomo pang'onopang'ono, monga amachitira anthu ena onse. A Masofa sanadandaulepo. Ankangogwedeza mutu ngati zonse zili bwino.

Tsono mwezi wathawu mayi a Makutu anatulukira kuntchito kwa amuna awo akuthamanga, foni ili m'manja, mpango utagwera paphewa. Anaima pamaso pawo, milomo ndi manja zikupikisana. Mwana walembedwa ntchito ku tivi. Azimasulira nkhani zamadzulo m'chinenero chamanja, m'kabokosi kaja kamakhala pakona pa sikirini. Ayamba Lolemba loyamba la mwezi wamawa, pa siteshoni yaulere, yogwira ndi eriyo wamba.

A Masofa anatsala pang'ono kumeza misomali. Madzulo ake anayatsa tivi yawo yakale, yaing'ono yotupa kumbuyo ija, n'kusendeza mpando pafupi. Kabokosi ka pakonako kanali ngati ka machesi. Munali munthu ndithu, koma kuti ndi mwamuna kapena mkazi, maso awo otha ndi singano sanathe kusiyanitsa. Zala ndiye kunalibiretu. Anazimitsa, nati agula tivi yaikulu.

Ndalama zinalipo za munthu wokonza masofa, zofika pa mashelefu apansi okha. Koma chimene chinachedwetsa zinthu si ndalama. A Masofa anazungulira masitolo a m'tauni masiku ambirimbiri, n'kumabwerako chimanjamanja. Iyi yawala kwambiri. Iyo miyendo yake njofooka. Inayo katoni yake yanyowa pakona. Usiku ankangotembenuka pabedi, m'mawa n'kukhoma nsalu mozondotsa pampando wa kasitomala, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito.

Lolemba lija litafika, mayi a Makutu anawatsekera njira pakhomo atavala kale nsapato zoyendera.

"Lero tipitira limodzi. Inu bambo a Makutu simukusankha tivi ayi, mukuithawa."

"Ndithawa tivi ine? Imaluma?"

"Musandifunse ine. Tiyeni."

Mayiwo anali atagunda penipeni. Nkhawa za a Masofa zinali ziwiri, ndipo yachiwiriyo sanaiuze munthu. Yoyamba inali yakuti mwana wawo sadzamuona bwino. Yachiwiri inali yakuti adzamuona bwinobwino, chala chilichonse, koma osamumva. Ndi kativi kakale kaja akanatha kunamizira maso. Tivi yaikulu ikanawalanda ponamizira.

Anafika pa sitolo ina yaikulu dzuwa lili pamutu, nthawi ya nkhani zamasana, a Masofa atakolekera eriyo yawo kukhwapa, itakulungidwa m'chidutswa cha nsalu ya sofa. Matiivi onse pakhoma ankaonetsa mbalame zamitundumitundu ndi madzi ogwa pamathanthwe. Wogulitsa, bambo wa tayi yofiira ndi mpango wopukutira thukuta, anawalandira ndi manja awiri. Anakweza voliyumu ya tivi ina mpaka mayi a Makutu anatseka makutu.

"Mwamva mawuwo, abwana? Imeneyi mukaika pabalaza, anansi aziyesa muli ndi zoimbira za paukwati!"

A Masofa anaika dzanja pa shelefu, namva ikunjenjemera. "Mawu sindikuwafuna," anatero, ndipo zinatuluka mokuwa moti makasitomala ena anacheuka. "Mbalamezi chotsani. Ndikufuna ndione za eriyo."

"Za eriyo?" Wogulitsayo anayang'ana mayiwo ngati wopempha thandizo. "Amayi, masiku ano ndani akuonera za eriyo? Mbalamezi zikuchokera pa fulashi, n'chifukwa chake zikuoneka bwino. Zaulerezo pa sikirini yaikulu sizikongola. Ikani dishi."

"Ife dishi timatsukiramo mbale, bambo," anayankha mayi a Makutu. "Lumikizani eriyoyo. Mwana wathu akuonekera pa zaulerezo lero lomwe."

Wogulitsayo anapumira m'mwamba, koma anali munthu wabwino mtima. Anapachika eriyo pazenera nayamba ndi tivi yaikulu koposa pa zotsika mtengo. Anaisuzumira kumbuyo, naipapasa uku ndi uku, n'kupeza kuti ilibe n'komwe pobaya eriyo, inapangidwira za intaneti zokha. Yachiwiri inagwira. Wowerenga nkhani anaoneka bwino, pakona pali bambo wa malaya akuda akumasulira. Koma bamboyo akangothamangitsa manja, zala zinkasiya utsi m'mbuyo n'kusakanikirana. A Masofa anapukusa mutu. Yachitatu inalibe utsi, koma inkakuza chithunzi mpaka kudula m'mphepete, moti womasulirayo akatsitsa manja ankalowa nawo pansi pa sikirini. Wogulitsa anatobwanya mabatani a rimoti mpaka thukuta kudontha, koma chithunzicho chinakana kubwerera m'malo.

"Pakonapo pokha, abwana? Anthu onse amayang'ana pakati."

"Ine ndikugula pakonapo," anatero a Masofa.

Penapake mumtima mwawo, Mulungu awakhululukire, munali kachisangalalo kakuti mwina abwereranso chimanjamanja. Koma mayi a Makutu maso awo sakhala malo amodzi. Anaona tivi ina yaikulu ili pansi, itayang'anitsidwa kukhoma ngati mwana wolakwa.

"Nanga iyo yalakwanji?"

"Imeneyo musaiwerengere, amayi. Munthu anaigula n'kuibweza. Chithunzi chilibe vuto, ndi yapamwamba kuposa zonsezi, koma mawu anafa. Abwana athu akuti aliyense woifuna atenge motchipa, koma ndani angagule tivi yosalankhula?"

Mayi a Makutu anangomuyang'ana, kenako n'kuyang'ana amuna awo. Wogulitsayo anagwira pakamwa.

Atailumikiza, kabokosi konse kanaoneka, m'mphepete monse muli bwino. Bambo wa malaya akuda uja anaima pamenepo, zala zake zikuoneka chimodzichimodzi mpaka zikhadabo. A Masofa anaima pafupi, maso ali tong'o. Anagwirapo mawu akuti galimoto. Patapita nthawi anagwiraponso akuti ana. Zina zonse zinangowadutsa.

"Mukuona bwino?" anafunsa mayiwo atawagwira paphewa.

"Ndikuona."

Wogulitsa anayesa komaliza. "Koma amayi, inuyo mumamva. Muzimva chiyani? Bola mugulirepo kasipika."

"Mwana wanga pamenepo salankhula ndi pakamwa," anatero mayi a Makutu monyadira. "Nkhanizo azindiuza ndi bambo akewa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza ine za dziko, lero ndi nthawi yawo."

Milomo imeneyo a Masofa anaiwerenga yonse, osaphonya ngakhale liwu limodzi.

Tiviyo anaigula, n'kuinyamula pa kagalimoto kahayala. A Masofa anakhala kumbuyo ataikumbatira, ataikuta ndi siponji ya kuntchito, galimoto ikagwa m'dzenje iwo n'kumatseka maso. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana. Podutsa mumsewu wa amisiri, wowotcherera zitsulo uja anakweza chala chachikulu, koma iwo sanamubwezere.

Kunyumba ntchito inali ya eriyo. A Masofa anaimangirira kupaipi yaitali n'kukwera nayo padenga, mphepo ikuwakoka malaya. Kuwakuwira kuti chithunzi chabwera kukanakhala kutaya mawu, choncho mayi a Makutu anaima pabalaza ndi mtengo wa mopu, kuti chikangoyera agogode malata, bambowo amve m'mapazi. Bambowo anazunguza paipi pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, kubwereranso. Mapazi anali zii. Anayamba kuganiza kuti mwina dera lawo lili m'chigwa kwambiri, mwina wogulitsa uja wawapusitsa. Kenako malata ananjenjemera pansi pawo mwamphamvu ndithu, mayiwo ankagogoda ngati akupha njoka. Anamanga paipiyo ndi waya n'kutsika.

Anansi anafuna kudzaonera nawo. A Masofa anawabweza pakhomo, nati mawa. Anatseka chitseko, nasamba m'manja, navala malaya oyera ngati akupita kukaonana ndi munthu wamkulu. Anakhala pampando wawo moyang'anana ndi tivi ija, imene inali itadzaza theka la khoma n'kuchititsa manyazi makatani ndi kabati. Kunja kunali kusanade, koma mitambo inali itatseka dzuwa.

Nkhani zinayamba. Wowerenga anatsegula pakamwa popanda mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo mwamuna ndi mkazi anali ofanana pamaso pa tivi. Kenako pakona panatseguka kabokosi, ndipo munali Makutu.

Anavala bulauzi yakuda, tsitsi atalimangira kumbuyo. Nkhope yake inali yaikulu ngati chikhatho cha munthu. A Masofa anaona kuti waluma mlomo wam'munsi, monga ankachitira ali wamng'ono akaima pamaso pa dokotala. Anaona ngakhale kachipsera ka pachala chachikulu, pamene anadzibaya ndi msomali wa kuntchito kwawo. Mayi a Makutu anali ataimirira kale, akuvina pamalo amodzi, misozi ili chuchuchu.

Manja a Makutu ananyamuka. Anali okongola, othamanga, odziwa kumene akupita. A Masofa anasendera kutsogolo kwa mpando.

Mayiwo anawagwira bondo kuti awayang'ane. "Akuti chiyani?"

"Akuti... msonkhano."

"Msonkhano wa chiyani?"

Anabwezera maso pa tivi. Manja aja anali atapita kale patali, pa nkhani ina. Anayesa kugwira apa, chinawapulumuka. Anayesa apo, anapeza chizindikiro chofanana ndi shuga, koma pa sikirini panali anthu ovala zipewa zolimba akuloza mlatho. Thukuta linatsika m'khosi n'kunyowetsa kolala yoyera ija.

"Nanga apa akuti chiyani? Bambo a Makutu, nenanitu!"

Mphepo inawomba eriyo, ndipo chithunzi chinaima n'kusweka m'timabokosi, Makutu atauma dzanja lili m'mwamba. Mayiwo anakuwa, koma a Masofa anapuma ngati munthu wotula katundu, kenako manyazi anawagwira kuti akukondwera mwana wawo atasowa. Chithunzi chinabwerera. Manja anapitiriza.

Sakanathanso kunama. Anatembenukira kwa akazi awo, ndipo mawu awo opanda chiwongolero aja anatuluka aang'ono kwambiri, moti mayiwo anachita kuwerama.

"Sindikumumva."

Mawu amenewa a Masofa awanena moyo wawo wonse, kwa makondakitala, kwa anamwino, kwa makasitomala, mpaka anasiya kuwawa. Koma za mwana ameneyu anali asanawanenepo. Mayi wosasowa chonena uja anakhala pansi mwakachetechete, dzanja lili pabondo la amuna awo. Anaonera choncho nkhani zonse, za mipira ndi za misika, mwana wawo akulankhula ndi dziko lonse m'chinenero chimene m'nyumba mwawo munalibe wochidziwa.

Kumapeto kunabwera zanyengo. Panaoneka mapu, pamwamba pake timitambo takuda. Makutu anakweza manja n'kugwetsa zala zikugwedezeka. Chimenecho a Masofa anachidziwa, ndi chija anawaphunzitsa atawagwira manja, ndipo chinangowakumbutsa tsiku limenelo.

Koma manja a Makutu sanabwerere pachifuwa. Anatsika mpaka pansi penipeni pa kabokosi, pamene tivi yodula m'mphepete ija ikanameza. Anagwira chinthu chachikulu ndi manja awiri, nachitsitsa chakumanzere, n'kuchikankha pang'ono. Maso ake anayang'ana kutsogolo, mlomo woluma uja utamasuka. Zinatenga kanthawi kongophethira, kenako manja anabwerera ku chinenero chawo cha mayeso, ngati palibe chachitika.

A Masofa anadzuka, mawondo akulira, nalowera kukhitchini. Mayi a Makutu anamva mapoto akugundana, ndipo bambowo anatulukira ndi beseni lakale lija, lophwanyika m'mlomo. Anakankha mpando waukulu, nagwada, nalitsitsa pakona paja chakumanzere, n'kulikankha pang'ono.

Mayiwo anawazungulira kuti aime pamaso pawo. "Mukutani kodi?"

"Wanena mwana. Akuti ibwera usiku uno, tiike beseni."

"Mwamumva?"

A Masofa anafuna kuyankha monong'ona. Koma mawu awo amachita zofuna okha. "Ndamva!" Mawuwo anatuluka mokuwa, mpaka anansi aja anatsegula zitseko zawo kuti aone chagwa n'chiyani kwa a Masofa.

Bambowo anakhalabe chogwada, dzanja lili pamlomo wa beseni. Posakhalitsa dontho loyamba linagwa kuchokera padenga, ndipo beseni linanjenjemera m'zala zawo.